Alendo akubwera: kukonza mbale ya tizakudya ta tsabola

Amayi, kodi mukukumbukira mayi uja wa m'sewero la pawailesi amene anadzuka m'mamawa kukonzera apongozi ake ochokera kumudzi? Anakazinga samusa, mbatata ndi usipa, nadula tomato ndi anyezi n'kuthiramo tsabola wa kambuzi. Alendo anachedwa ndi basi. Mbale inakhala pathebulo yosavundikira mpaka dzuwa kupendeka. M'mawa mwake mwana wake wa zaka ziwiri anayamba kutsegula m'mimba.

Pokambirana seweroli amayi ena anati, "Nanga si munali tsabola ndi mandimu? Tizilombo tikanafa." Ambiri timaganiza choncho, koma si zoona. Tsabola amawotcha lilime, koma sangateteze chakudya chimene chagwidwa ndi manja akuda kapena kuteredwa ndi ntchentche. Chimene chimapha tizilombo toyambitsa kolera ndi kamwazi ndi moto. Kolera amene anabuka m'Malawi m'chaka cha 2022 anapha anthu oposa 1,700 pofika 2023, ndipo matendawa amalowera m'kamwa, kudzera m'madzi ndi m'chakudya.

Choncho yambani ndi zimene siziwonongeka msanga. Mtedza mungathe kukazingiratu dzulo lake, koma usankheni bwino. Wofota, wakuda kapena wachuku tayani, musaumvere chisoni. Chuku chimabweretsa poyizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Ngati mukuikapo chinangwa, chikhale chozuna, chosenda ndi chophika mpaka kupsa. Chowawa chija chimafunika kuviika masiku angapo, si cha pambale ya alendo.

Samusa wa nyama, nkhuku ndi nsomba kazingani alendo atatsala pang'ono kufika. Nyama yoika m'samusa iyambe yapsa payokha, chifukwa mafuta amafiiritsa kunja msanga m'kati musanapse. Chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola 2. Alendo akachedwa, vundikirani, ndipo akafika tenthetsaninso mpaka chitenthe m'kati momwe, osati kungofunditsa.

Pofunika maso kwambiri ndi pa kachumbali, chifukwa iyeyu saona moto. Tsukani tomato, anyezi ndi tsabola ndi madzi owiritsa kapena othira klorini. Mpeni ndi thabwa zimene munadulira nkhuku yaiwisi zitsukeni ndi sopo musanadulire tomato. Apa ndi pamene amayi ambiri aukhondo amagwa, poti ntchito yachuluka ndipo mpeni ndi umodzi. Mdulireni pomaliza penipeni, ndi kumuika m'kambale kakekake kuti madzi ake asanyowetse samusa.

Tsabola naye akhale payekha. Sinjani kambuzi ndi kamchere, adyo ndi madzi a mandimu, ikani m'kambale ndi supuni yake, aliyense adzithirire monga akufunira. Pakati pa alendo pangakhale mayi woyembekezera amene akuvutika ndi chilungulira, kapena agogo amene m'mimba simufuna zowawa, ndipo chifukwa cha ulemu sadzanena. Mukafuna kuchepetsa ukali, chotsani njere pamodzi ndi timinofu toyera ta m'kati, pakuti ukali wambiri uli m'timinofuto. Mukatha sambani m'manja ndi sopo musananyamule mwana kapena kumuyamwitsa. Chala cha tsabola chikakhudza diso la khanda, phwando latha.

Nanga ana? Mwana wosakwana miyezi 6 amangoyamwa basi, ngakhale azakhali ake atafuna kumulawitsa. Wokulirapo mupatulireni mbale yake tsabola asanathiridwe: mbatata yofewa, nthochi, papaya, kapena usipa wosinja. Mwana wosakwana zaka 5 musampatse mtedza wathunthu, angatsamwe nawo. Nsinjiro m'phala ndiye zabwino. Ndipo mbale ya alendo isakhale pamkeka pamene mwana akukwawa. Akatola tsabola n'kudya, madzi sathandiza kwenikweni. Myamwitseni, kapena ngati ndi wamkulupo mupatseni mkaka kapena chambiko, chifukwa mkaka umachepetsa kuwawako. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri.

Tizakudya totere timadyedwa ndi manja, anthu ambiri mbale imodzi. Musazungulitse beseni limodzi loti onse asambemo, chifukwa womaliza, amene kawirikawiri amakhala mwana, amasamba litsiro la onse. Tengani jagi ndi sopo, thirirani mlendo aliyense madzi akugwera m'beseni. Apongozi sangakwiye, kuwagwadira n'kuwathirira madzi ndi ulemu womwewo.

Zikachitika kuti mwana watsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, mumwetseni pang'onopang'ono, ndipo musasiye kuyamwitsa. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, chikakhala ndi magazi, maso akalowa, kapena mwana akakana kuyamwa, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, alendo muwasiye ndi bambo.