Chithunzi chimaulula khalidwe la wosunga ndalama zanu

Ku America, kampani yoyendetsa masheya oposa madola 100 miliyoni imakakamizidwa kuulula masheya omwe ili nawo miyezi itatu iliyonse, pa fomu yotchedwa 13F. Manambala ake ndi otopetsa kuwerenga. Koma muwaike pa kompyuta, kampani iliyonse ikhale bokosi lokula molingana ndi ndalama zomwe zaikidwamo, zinthu zimaonekera poyera. Pa chithunzi chotere cha kampani ya Berkshire Hathaway ya Warren Buffett chakumapeto kwa 2023, bokosi la Apple lokha linkatenga pafupifupi theka la malo onse. Mu 2024 linachepa kwambiri, mkuluyu atagulitsa ambiri mwa masheyawo.

Nkhani ina ya chithunzi yomwe imandikhudza mtima ndi ya katswiri wa zachuma Harry Markopolos. Atajambula phindu lomwe Bernie Madoff, woyendetsa ndalama za anthu, ankati akupeza, mzere unkangokwera osagwedezeka, pomwe msika weniweni umakwera n'kutsika. Anachenjeza bungwe la SEC loyang'anira msika wa masheya ku America mu 2000, koma silinamumvere. Chinyengo cha Madoff chinaululika mu Disembala 2008, anthu ambiri atataya kale ndalama zomwe ankadalira paukalamba.

Inu amene mumadulidwa ndalama za penshoni mwezi ndi mwezi, funsani okusungirani akuonetseni komwe aziika ndi momwe zayendera zaka zapitazi.