Chigawo cha Pulogalamu Chisamadzipangire Chokha Zida

Munthu akagula katundu pa intaneti, ntchito yaikulu imachitikira pa seva, yomwe ndi kompyuta yolandira zopempha za anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo pulogalamu ya pa sevayo imagawidwa m'zigawo zotchedwa services. Chigawo cholandira maoda sichingamalize ntchito pachokha, chifukwa chimadalira china cholemba mu database, nkhokwe yosungiramo zonse zokhudza malonda, komanso china chotumizira wogula uthenga wa lisiti.

Njira ya dependency injection, dzina limene linatchuka ndi nkhani imene Martin Fowler analemba mu 2004, imaletsa chigawo kudzipangira zinthu zimene chimadalira. Chigawocho chimangotchula zimene chikufuna, ndipo mbali ina ya pulogalamuyo, yotchedwa container, ndiyo imazipanga n'kuzipereka, monga mmene mmisiri womanga nyumba amalandirira njerwa zoumba anthu ena. Ubwino wake umaonekera poyesa pulogalamu, pakuti wolemba pulogalamuyo amaikapo chigawo chongoyerekezera kutumiza uthenga, moti angayese maoda kambirimbiri popanda SMS ngakhale imodzi kufika pa foni ya munthu. Spring, imene amagwiritsa ntchito olemba mapulogalamu m'chinenero cha Java, inafalitsa kwambiri njirayi, ndipo ASP.NET Core ya Microsoft inatuluka mu 2016 ili kale ndi container yakeyake.

Pofunika kusamala kwambiri, ngakhale ambiri amapadutsa mothamanga, ndi posankha nthawi imene chigawo chikhale chisanatayidwe. Mu ASP.NET Core, chigawo cha transient chimapangidwa chatsopano paliponse pamene chafunidwa, cha scoped chimatumikira pempho limodzi n'kutayidwa, pamene cha singleton chimakhala chimodzi chomwecho kwa anthu onse mpaka pulogalamu itazimitsidwa. Singleton ikalandira DbContext, chigawo cha scoped cholankhula ndi database, imachisunga osachitaya, ndipo ogula awiri oitanitsa katundu nthawi imodzi amalimbirana chinthu chimene sichinapangidwe kuti chizigwira ntchito ziwiri pakamodzi, moti oda ya wina ingalephereke kapena kusokonezeka ndi ya mnzake.

ASP.NET Core imagwira cholakwikachi yokha pulogalamu ikamayendetsedwa m'malo oyesera otchedwa Development, koma pa seva yotumikira anthu sichita zimenezi pokhapokha itauzidwa, choncho gulu losamala la olemba mapulogalamu limaonetsetsa kuti chigawo chilichonse chayesedwa kumeneko chisanakafike kwa ogula.