Muvi umodzi, anthu atatu



Loweruka lililonse tikatha kuswali Asr, ine ndi ana a pa madrasa yathu timapita kuseri kwa mzikiti komwe kuli chulu chachikulu. Pachulupo timatsamiritsa thumba lodzaza ndi utuchi, ndipo anawo amaima pamzere n'kumaponya mivi mmodzimmodzi. Tsiku lina mnyamata wa zaka 12 adalasa pakati penipeni pa chandamale kwa nthawi yake yoyamba. Adalumpha n'kufuula kuti, "Mwalimu, mwaona? Ndalasa ndekha!"

Ndidamufunsa kuti kodi adadula bango la muviwo ndani, adamangirira nthenga ndani, nanga adamupatsa mpata wobwera kuno m'malo mokakoka nawo khoka ndani. Mwanayo adangozyolika. Koma usiku umenewo funso lomwelo lidanditembenukira ine mwini, ndipo ndidapeza kuti ndili ndi ngongole zambiri za "zikomo" zimene ndidachedwa kubweza. Ndalemba nkhaniyi kuti ndibwezeko ngongolezo poyera.

M'mabuku a Hadisi a Imam Abu Dawud ndi Imam Tirmidhi muli nkhani yonena kuti chifukwa cha muvi umodzi woponyedwa panjira ya Allah, anthu atatu amalowa ku Jannah: amene adaupanga ndi cholinga chabwino, amene adauponya, ndi amene adaupereka m'manja mwa woponyayo. Maso a anthu amangoona woponya yekha, pomwe awiri enawo amaiwalika. Kwa ine, awiriwo ali ndi nkhope.

Uta wa agogo

Ndidakulira m'mudzi wa kwa amayi anga, tsidya la kum'mawa kwa nyanja, panjira yopita ku Makanjira. Agogo anga aamuna, amene m'Chiyao timawaitana kuti ambuje, adali mlenje pa unyamata wawo. Pamene ine ndinkabadwa n'kuti atasiya kalekale kusaka, koma uta wawo udali chipachikire kudenga, wakuda ndi mwaye, wautali pafupifupi msinkhu wawo.

Ndili ndi zaka 10 ndidawapempha kuti andiphunzitse. Sadandipatse uta. Adanditengera kudambo kukadula bango, nandionetsa losankha: lokhwima, lowongoka, la mfundo zotalikirana. Tidaliyanika pamthunzi masabata angapo, kenaka tinkaliwambika pamakala pang'onopang'ono n'kumaliwongola ndi manja, diso limodzi lili chitsinzinire. Adandiphunzitsa kung'amba nthenga ya nkhanga pakati, kuimangirira ndi ulusi wopaka phula, ndiponso kuika muvi pachala kuti ndidziwe ngati kulemera kwake kuli kutsogolo monga kuyenera. Nditadandaula kuti miyezi ikutha ndisanaponye, adati, "Iwe mdzukulu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene sadziwa thukuta la muvi amautaya m'tchire osaufunafuna."

Pambuyo pake adandisemera kauta kansungwi ka chingwe cha khonje, ndipo chandamale chathu chidali thunthu la nthochi. Malamulo awo adali anayi, ndipo mpaka lero sindidaonjezepo kanthu kenikeni. Usalozetse uta kwa munthu, ngakhale ulibe muvi. Usakoke nsinga n'kuisiya popanda muvi, chifukwa mphamvu yonse imabwerera mumtengo n'kuung'amba. Usapite kukatola mivi mnzako asanatsitse uta. Uwerenge mivi yako poyamba ndi pomaliza.

Manyazi a munthu wophunzira

Nditamaliza sekondale ndidapeza malo kukoleji ya maphunziro a Chisilamu. Patchuthi choyamba ndidabwerera kumudzi nditavala kanzu yoyera, mutu utadzaza ndi Chiarabu chochepa ndi kudzimva kwambiri. Ndidali nditaphunzira kuti zithumwa ndi mankhwala amene alenje akale ankadalira ndi shirk, ndipo zimenezo n'zoona. Kulakwa kwanga kudali kuphatikiza uta ndi zithumwazo m'thumba limodzi. Agogo atandiitana kuti tikaponye, ndidawayankha pamaso pa alendo kuti zimenezo n'zachikale, zosayenera munthu wa chipembedzo. Sadandiyankhe. Adangodzuka n'kukaupachikanso uta kudenga.

Chaka chotsatira, a Shehe amene ankatiphunzitsa Hadisi adafika pamutu wa kuponya mivi. Adatifotokozera kuti m'buku la Imam Muslim, Swahaba Uqba ibn Amir adasimba kuti Mtumiki Muhammad (S.A.W.) ali pa mimbari adamasulira mphamvu yotchulidwa m'ndime ya 60 ya Surat Al-Anfal kuti ndiyo kuponya, ndipo adabwereza mawuwo katatu. Adatiuzanso za m'buku la Imam Bukhari, kuti Mtumiki (S.A.W.) adapeza anthu a fuko la Aslam akupikisana kuponya, nawalimbikitsa powakumbutsa kuti kholo lawo, Mneneri Ismail (A.S.), adali katswiri wa uta.

Kenaka adatitengera ku nkhondo ya Uhud, m'chaka chachitatu cha Hijra, chomwe ndi 625. Mtumiki (S.A.W.) adaika oponya mivi 50 pakaphiri, motsogozedwa ndi Abdullah ibn Jubayr (R.A.), nawalamula kuti asachokepo kaya zinthu ziyenda bwino kaya ayi. Ambiri a iwo ataona kuti adani akuthawa adatsika, ndipo Khalid ibn al-Walid, amene panthawiyo adali asanalowe Chisilamu, adazungulira ndi apakavalo n'kuwadzera Asilamu kumbuyo. Maswahaba 70 adafera pamenepo, kuphatikizapo Hamza (R.A.). A Shehe adati luso la manja popanda kumvera mphunzitsi limasanduka tsoka. Koma chimene chidandilasa mtima n'chakuti tsiku lomwelo Mtumiki (S.A.W.) mwini adakhuthula phodo lake n'kumapereka mivi kwa Sa'd ibn Abi Waqqas (R.A.) kuti aziponya. Wolemekezeka kuposa zolengedwa zonse adasankha kukhala wopereka muvi!

Atatha, a Shehe adafunsa ngati m'kalasimo mudali amene adagwirapo uta. Ndidakweza dzanja ndekha, mwamanyazi.

"Adakuphunzitsa ndani, mwana wanga?"

"Agogo anga, a Shehe."

"Alipo moyo?"

"Alipo."

"Udawathokoza?"

Ndidasowa choyankha. Ndidawaululira zimene ndidachita. Iwo sadandikalipire, koma adandikumbutsa Hadisi yophunzitsa kuti munthu wosathokoza anthu sathokozanso Allah, ndi ina yochenjeza kuti amene waphunzira kuponya kenaka n'kukusiya monyozera wataya mtendere umene adapatsidwa. Adati, "Zithumwa uzitaye, koma dzanja limene lidakuphunzitsa ukaligwire."

A Shehe omwewo ndi amene adatsegula maso anga kuti lusoli lili ndi mbiri yaitali pakati pa Asilamu. Adatiuza za bwalo la Okmeydanı mumzinda wa Istanbul, lomwe lidapatulidwira oponya mivi m'nthawi ya Sultan Mehmed II, amene adalanda mzindawo mu 1453. Akatswiri a kumeneko ankakoka nsinga ndi chala chachikulu chovekedwa mphete, ndipo ena adaponya muvi mtunda woposa mamita 800, malo ogwera muviwo n'kuzikidwapo mwala wachikumbutso. Munthu sankalembedwa m'kaundula wa oponya pokhapokha ataphunzira pansi pa mphunzitsi wodziwika, amene ankamupatsa uta m'manja pamwambo wapadera. Mu 2019 bungwe la UNESCO lidaika luso la uta la ku Turkey pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Nafenso kuno tili ndi mbiri yathu. Alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka mivi yawo ululu wochokera ku njere za chomera chotchedwa kombe. John Kirk, amene adayenda ndi David Livingstone pakati pa 1858 ndi 1863, adatenga chomeracho, ndipo mu 1885 dokotala wa ku Edinburgh, Thomas Fraser, adalengeza za mankhwala a mtima ochokera m'njerezo. Maina a azungu awiriwo ali m'mabuku. Koma alenje amene adadziwa mphamvu ya kombe kalekale, ndani adawathokoza? Ndidaona kuti ine ndidawachita agogo anga chimodzimodzi.

Kubwerera kumudzi

Patchuthi chotsatira ndidapempha amalume kuti andiperekeze, pakuti mwana sapepesa wamkulu ali yekha. Tidawapeza agogo ali pamkeka, maso atachita ng'ala. Ndidagwada n'kunena zonse. Adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Kautsitse."

Nsinga idali itafumbwa. Amalume adapeza chikopa, ndipo agogo adatilangiza kapotedwe kake akufufuza ndi zala. Mphamvu yokoka adalibenso, komabe ankakhala pambali panga n'kumamvetsera. Nsinga ikalira mwaphokoso ankati, "Wakwatula, iwe. Usaponye muvi, ungousiya upite." Ikalira mofewa ankagwedeza mutu ngakhale sadaone kumene muvi wagwera. Kwa matchuthi atatu ndidaphunzira kwa munthu wosaona zimene ndidalephera kuphunzira akuona. Mawu a akulu akoma akagonera.

Ndikuthokoza Allah kuti adandipatsa mpata wowauza "Jazakumullahu khairan" ali moyo. Adamwalira patatha zaka ziwiri, ndipo uta adausiyira ine. Allah awakhululukire ndi kuwaunikira m'manda mwawo.

Wopereka muvi

Ndinkaganiza kuti ngongole yatha, koma pamaliropo amalume adandiitanira pambali n'kundiuza chinthu chimene ndidali ndisanamvepo. M'chaka cha njala cha 2002, ine ndili ndi zaka 11, kudabwera munthu wogula zinthu zakale zokagulitsa kwa alendo odzaona nyanja. Adafuna uta wa agogo posinthana ndi ndowa ya chimanga. Amene adaona njala imeneyo akudziwa tanthauzo la ndowa ya chimanga m'mwezi wa February. Agogo adavomera, poti zidzukulu zinkagona ndi madeya. Amayi anga ndi amene adakana. Adati, "Atate, mwanayu wangoyamba kumene kuphunzira. Mukagulitsa, adzakula akukoka chiyani?" M'malo mwake adayenda masiku ambiri kukagwira ganyu m'minda ya kumapiri, ali ndi mwana kumsana, mpaka chimangacho chidapezeka.

Zaka zonsezo amayi sadanenepo kanthu. Nditawafunsa adangoseka, amvekere, "Aa, zakale zimenezo. Wadya?" Iwo sadagwirepo uta chibadwire, komabe muvi uliwonse umene ndaponya udadzera m'manja mwawo.

Pali enanso. Amalume ndi amene adandipezera wosula zitsulo pamsika, yemwe amatisulira timitu tobuntha ta mivi ya ana. Mayi a kunyumba kwanga ndi amene amasoka thumba la chandamale likang'ambika, ndipo apirira nthenga za nkhanga zouluka m'nyumba monse. A mfumu ndi komiti ya mzikiti adatilola kugwiritsa ntchito malowo, ngakhale poyamba makolo ena adaopa kuti ana alasana m'maso. Mantha awo adali oyenera, ndipo ndiwo adatichititsa kukhwimitsa malamulo. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa makolo ofuna kuyamba

Lero pachulu paja pamabwera anyamata, ndipo atsikana ali ndi nthawi yawo Lamulungu m'mawa, amayi awo alipo. Ndaona ana ojijirika akuphunzira kuima chilili, kupuma bwino ndi kudikira nthawi yawo, zomwe zimawathandizanso pa Swala ndi poloweza Qur'an. Ngati kwanuko mukufuna kuyamba, simufunika ndalama zambiri. Nsungwi, khonje, bango ndi thumba la utuchi n'zokwanira. Kumbuyo kwa chandamale kukhale chulu kapena khoma, osati njira ya anthu. Mwana ayambe pamtunda wa mapazi khumi okha, ndipo asaponye popanda wamkulu. Mivi isungidwe ndi mphunzitsi.

Tikumbukirenso kuti Mtumiki (S.A.W.) adaletsa kusandutsa cholengedwa chamoyo kukhala chandamale. Ana athu salasa mbalame, abuluzi kapena agalu a eni. Malamulo a dziko nawonso amaletsa kusaka m'nkhalango zotetezedwa monga ya Liwonde. Ife timaponya kuti tisunge Sunna, tilimbitse thupi ndi kuweta mtima.

Koma choyamba pa zonse, funafunani mphunzitsi. M'midzi yathu mukadali okalamba odziwa kusankha bango ndi kupota nsinga, ndipo chaka chilichonse timaika ena m'manda pamodzi ndi nzeru zawozo. Pitani mukakhale nawo pamkeka asanapite.

Ndipo inu amene simudagwirepo uta, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Pali amene adakuphunzitsani Alif ndi Baa, kupalasa bwato, kusoka ukonde, kuphika kapena kupalasa njinga. Palinso wina amene adadzimana mwakachetechete kuti inu muphunzire, ndipo mwina simukumudziwa n'komwe. Funsani akuluakulu, adzakuuzani. Ngati ali moyo, musadikire tsiku la maliro, pitani sabata ino. Ngati adatsogola, apempherereni duwa ndipo muphunzitse mwana mmodzi zimene adakusiyirani.

Mnyamata uja adabweranso Loweruka lotsatira atatenga nsomba zouma zingapo, akuti amayi ake amutuma akapereke kwa wosula zitsulo. Ine ndidzatenga magazini ino kupita nayo kumudzi, kuti mwana wanga wamkazi akawawerengere agogo ake mokweza, pakuti iwo sadziwa kuwerenga. Amayi, zikomo. Allah akulipireni zabwino padziko lino ndi pa Tsiku Lomaliza, pamodzi ndi onse opanga mivi ndi opereka mivi. Ameen.