Zoyenera kuona timagetsi tokongoletsa tikakana kuyaka

Dzuwa likangolowa, malo ochitira malonda a Chileka ndi Lirangwe amasintha maonekedwe. Pamakomo a masitolo ena, pamalo ometera tsitsi ndi m'nyumba zoonetseramo mpira mumayaka timagetsi ta mitundumitundu, tina tothamangitsana, tina tosinthasintha mtundu. Timagetsi tomweti ndi timene okongoletsa maholo amazika kumbuyo kwa mipando ya akwati pa tsiku la ukwati kapena chinkhoswe. Kwa wamalonda wa pa Lirangwe, amene amadalira anthu odutsa mumsewu wa M1, kuwala kumeneku kumauza wapaulendo kuti sitolo ikadali yotsegula. Kwa wokongoletsa maholo, ndi mbali ya mpamba wake.

Vuto limene eni ake ambiri amakumana nalo ndi lakuti timagetsiti timathima mwadzidzidzi, kapena timakana kuyaka tsiku lomwe tagulidwa. Ena amangotitaya n'kukagula tina ku Limbe kapena m'tauni ya Blantyre, ndipo tatsopanoto nato timathima chifukwa chimene chidathimitsa toyamba sichidapezeke. Nthawi zambiri timagetsi totere timakhala tisanapse. Chimavuta ndi chinthu chimodzi chaching'ono, chimene munthu angachipeze atafufuza mwadongosolo, kuyambira kumene mphamvu ikuchokera mpaka kukadontho komaliza.

Mmene timagetsiti timagwirira ntchito

Timagetsi timeneti ndi ta mtundu wa LED, ndipo timagulitsidwa tili pa lamba wopyapyala, kawirikawiri wotalika mamita 5. Pa lambayo pali timadontho towala, ndipo m'kadontho kalikonse muli tinyali titatu: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Mitundu ina yonse imapangika posakaniza itatuyi, ndipo itatu yonse ikayaka mwamphamvu pamatuluka kuwala koyera. Kanyali kabuluu ndi kamene kadavuta kwambiri kupanga, moti akatswiri atatu ochokera ku Japan amene adakapeza, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, adalandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Malamba alipo a mitundu iwiri. Pali wamba, amene timadontho take tonse timayaka mtundu umodzi nthawi imodzi. Pali wina amene kadontho kalikonse kamalamulidwa pakokha, ndipo ndi ameneyu amene amaonetsa kuwala kothamanga kapena kulemba mawu. Wodziwika kwambiri pa mtundu wachiwiriwu ndi WS2812B, amene amagwiritsa ntchito mphamvu ya 5V, ndi WS2811, amene nthawi zambiri amakhala wa 12V. Lamba wotere amakhala ndi mawaya atatu: wa pozitivi, wa negetivi, ndi wachitatu wonyamula uthenga wochokera ku kabokosi kolamulira, kamene amalonda amakatcha controller.

Uthengawu umayenda ngati njerwa pa ntchito ya chitukuko, pamene anthu andanda pamzere kuchokera pa uvuni kukafika pomangapo. Kadontho koyamba kamalandira uthenga wonse, kamatengapo gawo lake, n'kupatsira kotsatira zimene zatsala. Munthu mmodzi akachoka pamzere, onse a kutsogolo kwake amangoima manja ali m'malere ngakhale ali ndi mphamvu. N'chifukwa chake lamba wotereyu sayaka pongomulumikiza ku magetsi. Amafuna zinthu ziwiri pamodzi, mphamvu ndi uthenga, ndipo chimodzi chikasowa amakhala chete ngati wapsa.

Choyamba ndi chitetezo

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ndi mphamvu ya 230V, imene ingaphe munthu. Lamba sagwiritsa ntchito mphamvu imeneyi mwachindunji. Pakati pamakhala adaputa imene imaitsitsa kufika pa 5V kapena 12V. Mbali ya lamba ndi imene mwini wake angafufuze yekha. Mbali ya soketi, mawaya a m'khoma ndi m'kati mwa adaputa ndi ntchito ya mmisiri amene ali ndi chilolezo cha bungwe la MERA, lomwe limayang'anira za mphamvu m'dziko muno. Adaputa imasunga mphamvu kwa kanthawi ngakhale itazulidwa, choncho siyenera kutsegulidwa. Asanalumikize kapena kuchotsa waya aliyense, munthu azule kaye pulagi, manja ali ouma. Ngati pakumveka fungo la pulasitiki yopsa, kapena adaputa ikutentha yosagwirika, zonse zithimitsidwe nthawi yomweyo, pakuti moto ukabuka m'sitolo imodzi suchedwa kulowa m'masitolo oyandikana nayo.

Kuona mphamvu

Kufufuza kumayambira pa soketi. Kulumikizapo chaja ya foni kapena wailesi kumasonyeza msanga ngati soketiyo kapena ekisitenshoni ili ndi moto. Kenako munthu awerenge zolembedwa pa adaputa ndi pa lamba. Manambala a V ayenera kufanana ndendende. Lamba wa 12V akapatsidwa 5V sayaka, kapena amangoonetsa kufiira kofooka, koma sawonongeka. Lamba wa 5V akapatsidwa 12V amapsa nthawi yomweyo ndipo sakonzekanso. Ngozi imeneyi ndi yaikulu m'madera amene anthu amadalira sola kapena batire la galimoto, chifukwa batire lotere limapereka 12V, ndipo likamatchajidwa limafika cha m'ma 14V. Lamba wa 5V amafuna kachipangizo kotsitsa mphamvu pakati pa iye ndi batirelo.

Nambala yachiwiri pa adaputa ndi ya A, imene imanena kuchuluka kwa magetsi amene ingapereke. Kadontho kamodzi ka WS2812B kakayaka koyera mwamphamvu yonse kamakoka pafupifupi 60mA. Lamba wa mamita 5 wokhala ndi timadontho 60 pa mita ali ndi timadontho 300, choncho angafune mpaka 18A. Chaja wamba ya foni imapereka 1A kapena 2A basi. Adaputa ikachepa mphamvu, timagetsi timaphethira, timayaka n'kuthimanso, kapena kabokosi kolamulira kamangoyambiranso pulogalamu yake. Njira yotsimikizira ndiyo kuchepetsa kuwala pa rimoti. Ngati lamba wakhazikika kuwala kutachepa, ndiye kuti pakufunika adaputa yaikulu, ndipo lambayo alibe vuto.

Kwa amene ali pa sola, nthawi imene timagetsi timathima ndi umboni wofunika. Ngati timayaka bwino dzuwa litangolowa koma n'kuthima pakapita maola ochepa, batire ndi limene likutha, ndipo kabokosi koteteza batire kamadula magetsi dala kuti lisawonongeke. Izi zimachulukira m'masiku a mitambo, komanso m'miyezi ya fumbi pamene sola imakhala yosapukutidwa.

Kuona mawaya ndi kamuvi

Mphamvu ikakhala bwino, chotsatira ndi mawaya. Pa lamba pamalembedwa zizindikiro zitatu: 5V kapena 12V pa pozitivi, GND pa negetivi, ndi DIN polowera uthenga. Kawirikawiri waya wofiira ndi wa pozitivi, woyera wa negetivi, wobiriwira wa uthenga, koma mafakitale sagwirizana pa mitundu, choncho chodalirika ndi cholembedwa pa lamba. Kusemphanitsa pozitivi ndi negetivi kungaphe timadontho m'kanthawi kochepa.

Pa lambayo palinso timivi ting'onoting'ono tosonyeza kumene uthenga ukupita. Uthenga umayenda mbali imodzi yokha, kulowera pa DIN n'kutulukira pa DO. Munthu akalumikiza kabokosi kolamulira ku mapeto a lamba m'malo mwa kuchiyambi, palibe kadontho kamene kamayaka, ngakhale zonse zili zatsopano. Cholakwika chimenechi chimachitika kawirikawiri pamene lamba wadulidwa kuti azungulire chitseko kapena chikwangwani, chidutswa china n'kubwezeredwa chozondoka. Kamuvi kayenera kuloza kutali ndi kabokosi nthawi zonse.

Chinthu china chimene chimasokoneza ngakhale amisiri ndi negetivi. Ngati kabokosi kolamulira ndi lamba zili ndi maadaputa osiyana, manegetivi awo ayenera kulumikizana. Popanda kutero uthenga sumveka bwino, ndipo lamba amathima kapena kuphethira mitundu yosadziwika. Waya wa uthenga ayeneranso kukhala wamfupi. Kabokosi kakaikidwa m'kati mwa sitolo pamene lamba ali kutali pakhonde, uthenga umafika wofooka. Amisiri amaika resistor ya pakati pa 300 ndi 500 ohms pa waya wa uthenga pafupi ndi kadontho koyamba, ndi capacitor ya 1,000 microfarad pakati pa pozitivi ndi negetivi, kuti ziteteze lamba pamene magetsi akuyatsidwa.

Zimene lamba mwini amasonyeza

Maonekedwe a vuto amaloza pamene pali chovuta. Lamba akayaka bwino kufika pena, kenako n'kuthima kuchokera pamenepo mpaka kumapeto, chawonongeka ndi kadontho komaliza koyaka kapena koyamba kothima. Mmisiri amadula timadontho tiwiriti potsata timizere todulira, n'kulumikizanso mbali ziwirizo, ndipo lamba yense amadzuka. Lamba yense akathima pamene mphamvu, mawaya ndi kamuvi zili bwino, wokayikiridwa ndi kadontho koyamba, chifukwa ndi kamene kamayamba kulandira nkhonya magetsi akabwera molakwika. Kukachotsa n'kulumikiza uthenga ku kachiwiri kumapulumutsa timadontho 299 totsala. Malamba ena, monga WS2813 ndi WS2815, ali ndi waya wachiwiri wa uthenga, moti kadontho kamodzi kakafa uthenga umakadumpha.

Lamba akayamba woyera koma kumapeto n'kumaoneka wachikasu kapena wofiirira, mphamvu ikuchepa m'njira, monga madzi amafookera pa mpopi wa kumapeto kwa paipi yaitali. Kanyali kabuluu kamafuna mphamvu yochulukirapo kuposa kofiira, choncho ndi kamene kamayamba kuzilala. Mankhwala ake ndi kukoka mawaya awiri onenepa kuchokera pa adaputa kukafika kumapeto kwa lamba, kuti azidyera mbali zonse ziwiri.

Pomaliza ndi kabokosi kolamulira. Kameneka kamafuna kuuzidwa mtundu wa lamba, chiwerengero cha timadontho ndi ndondomeko ya mitundu. Kakauzidwa timadontho 100 pamene tilipo 300, totsalato sitiyaka. Kakauzidwa RGB pamene lamba wa WS2812B amatsata GRB, munthu amasankha kufiira koma pamatuluka kubiriwira. Pa mabokosi olamulidwa ndi foni, zimenezi zimasinthidwa mu pulogalamu ya pa foniyo. Pa amene amagwiritsa ntchito rimoti, ndi bwino kuona kaye ngati kabatire kake sikadathe, komanso ngati kuwala sikudatsitsidwe mpaka pansi.

Nyengo ndi kuthima kwa magetsi

Dera la Chileka ndi Lirangwe ndi lotsika komanso lotentha kuposa m'tauni ya Blantyre. M'mwezi wa Okutobala, adaputa yoikidwa pansi pa malata kapena yokutidwa ndi nsalu zokongoletsera imatentha n'kudzithimitsa yokha, ndipo imafunika malo opita mphepo. Mvula ikayamba mu Novembala, mdani amakhala chinyezi. Lamba wolembedwa IP20 ndi wa m'nyumba mokha. Wa pakhonde ayenera kukhala wa IP65 kapena IP67, ndipo malo onse olumikizira atsekedwe kuti asachite dzimbiri. Makoswe nawo amatafuna mawaya odutsa kudenga.

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amakhudzidwa ndi nyengo. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mphamvu pafupifupi 130 megawatts, ndipo kuthimathima kudatenga miyezi yambiri. Zipangizo zing'onozing'ono zimavulala kwambiri pamene magetsi akubwerera, chifukwa nthawi zina amafika mwamphamvu. Magetsi akathima, kapena kunja kukayamba mphenzi, ndi nzeru kuzula adaputa n'kuibwezera zinthu zitakhazikika. Chimodzimodzi pa ukwati pamene pali jenereta: ilizidwe kaye, ikhazikike, timagetsi tilumikizidwe pambuyo.

Pogula ndi pofuna thandizo

Mavuto ambiri amapeweka pa kauntala. Wogula apemphe kuti lamba, adaputa ndi kabokosi ziyesedwe pamodzi iye akuona, awerenge manambala a V ndi A, ndipo atenge lisiti. Lisiti ndi umboni wake ngati katunduyo apezeka wosagwira ntchito, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene anyengedwa. Adaputa yopepuka kwambiri, yopanda dzina kapena zolembedwa, ingaoneke yotchipa, koma ikhoza kupsereza lamba wodula kuposa iyo.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Amene wayesa zonsezi koma osaphula kanthu apite kwa mmisiri ndi zinthu zonse zitatu, pakuti vuto silingapezeke ndi lamba yekha. Ntchitoyi ndi mwayinso kwa achinyamata a m'mawodi athu ano. Mnyamata kapena mtsikana amene wadziwa kugwiritsa ntchito multimeter ndi kulumikiza timawaya angakonze timagetsi, nyali za sola ndi machaja pamsika wa kwawo komweko, ndipo maphunziro a zamagetsi amapezeka m'sukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA, monga Soche Technical College. Lamba amene walepherekeratu asatayidwe kudzala kapena kutenthedwa, chifukwa utsi wa pulasitiki ndi woipa m'chifuwa. Zidutswa zake zamoyo zimathandiza kukonzera malamba ena.