Power bank isabisidwe m'sutikesi

Kumene magetsi amathimathima, wachibale wochokera ku Johannesburg kapena ku London sangaiwale kubwera ndi power bank. Ambiri polongedza amaikulunga m'malaya n'kuikankhira pansi penipeni pa sutikesi yaikulu yokalowa kumimba kwa ndege. Maganizo awo ndi omveka: chinthu choti chingathe kuyaka chikhale kutali ndi anthu. Koma malamulo a mabungwe oona za maulendo a ndege a ICAO ndi IATA salola zimenezi. Power bank, komanso batire lililonse la lithium losalowetsedwa m'chipangizo, malo ake ndi m'chikwama cha m'manja.

Batire la lithium likaphwanyika, likatentha kwambiri kapena likakhala lopangidwa mwachinyengo, limayamba kudzitenthetsa lokha, ndipo kutenthako kumafalikira ku mabatire oyandikana nalo mpaka moto kubuka. Zikachitikira pamene pali anthu, wina amamva fungo kapena kuona utsi, ogwira ntchito m'ndege n'kuthamangirapo. Kunsi kuja kulibe amene angafikeko ndege ili m'mwamba, ndipo mankhwala ozimitsira moto a kumeneko amatha kuzimitsa malawi koma batirelo n'kumatenthabe. Mu September 2010 ndege yonyamula katundu ya UPS inagwa ku Dubai moto utabuka m'katundu momwe munali mabatire ambiri a lithium, ndipo oyendetsa onse awiri anamwalira.

Ena amaopa kuti power bank yolembedwa nambala yaikulu, monga 20,000 mAh, akaalanda pa bwalo la ndege. Chimene amayang'ana kumeneko ndi Wh, muyeso wa mphamvu yosungidwa m'batire. Chulukitsani mAh ndi ma volt a batirelo, nthawi zambiri 3.7, kenako gawani ndi 1,000: 20,000 mAh ikupereka 74 Wh, yomwe ndi yololedwa poti malire ndi 100 Wh. Kuyambira apo mpaka 160 Wh pamafunika chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo mabatire otere asapitirire awiri. Oposa 160 Wh wapaulendo sanyamula. Power bank yomwe zolemba zake zinafufutika ndiye ikhoza kukanidwa ngakhale ili yaing'ono.

Mosungira katundu pamwamba pa mipando namonso simodalirika monga timaganizira. Pa 28 January 2025 ndege ya Air Busan inapsa isananyamuke pa bwalo la Gimhae ku South Korea. Anthu onse 176 anatuluka amoyo, ndipo ofufuza anakayikira power bank yomwe inali pamwambapo. Dzikolo linaletsa kusungamo ma power bank, ndipo kuyambira October 2025 Emirates inaletsa kuwagwiritsa ntchito m'ndege zake. Ine ndikuona kuti uku sikuvutitsa apaulendo: utsi wotuluka m'thumba la kumpando umaoneka msanga kusiyana ndi wa m'malo otsekeka.

Tinakula tikuuzidwa kuti moto wa zamagetsi sathira madzi, choncho musadabwe kuona wogwira ntchito m'ndege akuthira madzi foni yofuka. Akuziziritsa batire kuti lisayakenso. Foni ikagwera mumpata wa mpando, musasunthe mpandowo, mungaiphwanye, itanani ogwira ntchitowo. Ndipo akakuuzani pakhomo la ndege kuti chikwama chanu cha m'manja chipite kunsi chifukwa malo atha, tulutsanimo kaye power bank ndi mabatire apadera musanachipereke.