Momwe Kompyuta Imayezera Kufanana kwa Zizindikiro za Matenda

Matenda ambiri amayamba ndi zizindikiro zofanana. Kutentha thupi ndi kupweteka mutu zimapezeka pa malungo, tayifodi komanso matenda oumitsa khosi. N'chifukwa chake akatswiri adapanga njira zoti kompyuta iziyerekeza zizindikiro za wodwala ndi za matenda odziwika kale, kenako n'kusanja matendawo kuyambira amene akufanana kwambiri ndi wodwalayo.

Njira yosavuta ndi imene Paul Jaccard, katswiri wa zomera wa ku Switzerland, adagwiritsa ntchito mu 1901 poyerekeza zomera za m'madera osiyana. Timawerenga zizindikiro zopezeka mbali zonse ziwiri, n'kugawa ndi chiwerengero cha zizindikiro zonse zotchulidwa.

Tiyerekeze kuti wodwala akutentha thupi, mutu ukumupweteka, akusanza ndipo khosi lauma. Pa mndandanda wachidule wa malungo tiikepo kutentha thupi, mutu, kusanza, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi. Zofanana ndi 3 mwa 6, kutanthauza 0.5. Pa matenda oumitsa khosi tiikepo kutentha thupi, mutu, kuuma khosi, kudana ndi kuwala ndi kusokonezeka maganizo. Apanso zofanana ndi 3 mwa 6. Masamuwa akusonyeza kuti matenda awiriwa ndi ofanana mphamvu, pomwe wachipatala aliyense akudziwa kuti khosi louma ndi chizindikiro choopsa.

Vutoli limachepa popatsa chizindikiro chilichonse kulemera kwake. Chopezeka pa matenda ambiri, monga kutentha thupi, chimapepuka. Chopezeka pa matenda ochepa, monga kuuma khosi, chimalemera. Tikatero, matenda oumitsa khosi amakwera pamwamba.

Mfundo imeneyi ndiyo ili m'pulogalamu ya Phenomizer, imene idatuluka mu 2009 kuchokera ku chipatala cha Charité ku Berlin pofuna kuthandiza kuzindikira matenda osowa achibadwa. Imadalira Human Phenotype Ontology, mndandanda wa mu 2008 umene umasanja zizindikiro ngati nthambi za mtengo. Motero zizindikiro ziwiri zosiyana mayina koma za nthambi imodzi zimawerengedwa kuti n'zoyandikana.

Komabe kompyuta imayerekeza zokhazo zimene zalembedwa. Wogwira ntchito akalemba kuti “akudwala thupi” osafunsa za khosi, chizindikiro cholemeracho chimatayika. Khanda lodwala matenda oumitsa khosi nthawi zina siliuma khosi, koma liwombo limatukumuka. Munthu mmodzi akhozanso kudwala matenda awiri nthawi imodzi.

Choncho alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya azilemba chizindikiro chilichonse ndi dzina lake lenileni, tsiku limene chidayamba, komanso zimene afunsa n'kupeza kuti palibe. Mndandanda wa kompyuta umangosonyeza matenda oyenera kuwaganizira. Malungo amatsimikizidwa poyeza magazi, matenda oumitsa khosi poyeza madzi a pamsana, ndipo wodwala amene ali ndi chizindikiro choopsa atumizidwe kuchipatala msanga posayembekezera zimene kompyuta inene.