Matenda a mtima amayamba mwana asanadandaule

Okondedwa omvera athu a ku Fingoé, Malowera, Chiputo, Chipera ndi midzi yonse ya m'malire, akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Ambiri timaganiza kuti matenda a mtima ndi a nkhalamba kapena a anthu onenepa a m'tauni. Koma alipo matenda ena a mtima amene amagwira ana a sukulu, ndipo amayamba ndi chinthu chomwe timachipeputsa: zilonda zapakhosi. Matendawa amadya mtima ngati chiswe m'nsichi. Kunja mwana amaoneka bwinobwino, akusewera mpira ndi kutunga madzi, pamene m'kati zinthu zikuonongeka.

Kodi amayamba bwanji?

Zilonda zina zapakhosi zimabwera ndi kachilombo kotchedwa streptococcus. Mwana akapanda kulandira mankhwala oyenera, thupi lake polimbana ndi kachilomboka nthawi zina limasokonezeka ndi kuyamba kudzivulaza lokha. Pakapita milungu iwiri kapena itatu, mwana amatentha thupi ndipo maondo, akakolo kapena zigongono zimatupa ndi kupweteka, lero apa, mawa pena. Kuchipatala mudzamva akutchula matendawa pa Chipwitikizi kuti febre reumática.

Kutupa kwa mawondo kumatha, koma vuto limatsalira mu mtima. Mu mtima muli tizitseko tinayi timene timatseguka ndi kutsekeka kuti magazi aziyenda njira imodzi. Matendawa akamabwerezabwereza, tizitsekoti timachita zipsera, osatsekekanso bwino kapena kuuma osatseguka mokwanira. Zaka zimatha munthu osamva kalikonse.

Zimene anapeza ku Maputo

Kale madokotala ankadalira chipangizo chija amamvera nacho pachifuwa. Koma m'chaka cha 2007 munatuluka zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'dziko lathu lino ndi ku Cambodia. Ena mwa omwe anagwira ntchitoyi ndi Dr Eloi Marijon wa ku France, Dr Beatriz Ferreira ndi Dr Ana Olga Mocumbi a kuno kwathu. Iwo anapima ana a sukulu 2,170 a ku Maputo m'njira ziwiri: kumvera pachifuwa, komanso kuunika mtima ndi makina ofanana ndi aja amaunikira amayi oyembekezera.

Pomvera pachifuwa anapeza ana 5 okha odwala. Pounika ndi makina anapeza ana 66. Ndiye kuti pa mwana mmodzi aliyense amene khutu la dokotala linamugwira, panali ena 12 amene akanabwerera kwawo ngati abwinobwino.

Anzathu a ku Malawi nawonso anaunika ana 1,450 a ku Lilongwe, ndipo zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti ana oposa atatu mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matendawa mu mtima, iwo eni osadziwa.

Nanga akapezeka msanga, chithandizo chilipo?

Funso limeneli linavuta akatswiri kwa zaka zambiri, chifukwa si mwana aliyense wopezeka ndi kachipsera amene amadzadwala kwambiri. Ena amakhala choncho, ena mtima umabwerera mwakale. Yankho linachokera ku Gulu, kumpoto kwa Uganda, pa kafukufuku wotsogoleredwa ndi Dr Andrea Beaton pamodzi ndi madokotala a m'dzikomo, amene zotsatira zake zinalengezedwa mu 2021.

Ana pafupifupi 800 omwe matendawa anali atangoyamba anagawidwa m'magulu awiri. Gulu lina linkabayidwa jakisoni wa penisilini milungu inayi iliyonse, lina ayi. Patatha zaka ziwiri, mwa ana obayidwa ndi atatu okha amene mtima unaipiraipira. Mwa osabayidwa anali 33. Choncho mankhwala akale omwewa, otsika mtengo, amatha kuimitsa matendawa asanafike poipa.

Zimene inu mungachite

Makina ounikira mtima amapezeka makamaka m'zipatala zazikulu, ndipo kuchoka kuno kufika mumzinda wa Tete ndi ulendo wautali wofuna ndalama. Koma chiyambi cha matendawa chili pakhosi, ndipo pakhosi pa mwana ndinu makolo amene mumayamba kudziwa.

Mwana, makamaka wa zaka za pakati pa 5 ndi 15, akamalephera kumeza, thupi litatentha, m'mbali mwa khosi mutatupa, koma osatsokomola kapena kuchita chimfine, pitani naye kuchipatala. Panado amangoziziritsa ululu, sapha kachilomboka. Kumafunika jakisoni mmodzi wa penisilini kapena mapilitsi akumwa masiku 10. Mukapatsidwa mapilitsi, mwana amalize onse ngakhale atayamba kudya nsima pa tsiku lachitatu. Musagule makapisozi awiri atatu pamsika nkumati mwachiza.

Mwana akatupa maondo ndi kutentha thupi, kapena manja ndi nkhope zikamagwedezeka zokha mpaka kulephera kugwira cholembera, musathamangire kunena kuti amulodza. Akapimidwa malungo nkupezeka alibe, auzeni a chipatala ngati anadwalapo pakhosi masiku apitawo.

Amene anauzidwa kuti azibayidwa mwezi ndi mwezi asadumphitse, ngakhale nthawi ya dzinja kapena yokolola. Jakisoniyu amapweteka ndithu ndipo amatenga zaka, koma wosiyitsa ndi dokotala yekha. Inu amene mumalandira chithandizo mbali zonse ziwiri, kuno ndi ku Zambia, muziyenda ndi khadi la mwana kuti tsiku lobayitsa lisasokonekere.

Amayi oyembekezera, pakati pamalemetsa mtima, ndipo ambiri amadziwika kuti ali ndi matendawa nthawi imeneyi. Ngati mukubanika mukagona chagada, mtima ukuthamanga kapena mukuchita befu pa ntchito yochepa, nenani ku sikelo msanga.

Kuchita befu, kutupa miyendo ndi kutopa msanga zikayamba kuoneka, kawirikawiri tizitseko timakhala titaonongeka kale, ndipo ena amafunika opaleshoni imene imachitikira kutali, ku Maputo. Ulendo wa kuchipatala cha pafupi chifukwa cha pakhosi ndi waufupi kuposa umenewo. Mukamaliza kuwerenga, patsirani anzanu pepalali, ndipo muwawerengere amene sadziwa kuwerenga.